PHEWA LOWAWA NDI MANTHA OMANGA MKONO

Mzinda wa Kafue uli m'mbali mwa mtsinje waukulu wa dzina lomwelo, makilomita ngati 45 kumwera kwa Lusaka, pamene njanji ndi mseu wopita ku Livingstone zioloka madzi. Ulalo wa njanjiyo unatha kumangidwa m'caka ca 1906, ndipo ciyambire pamenepo anthu a mitundu yambiri akhala akudza kudzafuna nchito, makamaka fakitale ya fetereza ya Nitrogen Chemicals of Zambia itayamba kupanga m'caka ca 1970. Koma cinkana makina ali ambiri m'mzindawo, cakudya ca mabanja oculuka cicokerabe pa mapewa. Msodzi wa ku Chanyanya apalasa bwato ndi nkhafi, nakoka ukonde wolemera ndi madzi. Mnyamata wa pa msika asenza matumba a makilogalamu 50. Mai wa ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound adzitwika ndowa pamutu, abvundula nsima ndi mthiko, nabereka mwana kumbuyo. Pa nchito zonsezi palibe imodzi yocitika popanda phewa. Cifukwa cace phewa likayamba kuwawa, ululu sulowa wokha m'nyumba. Ulowa pamodzi ndi mantha, ndipo kawiri kawiri manthawo ndiwo atsalira, namanga mkono ululu utacepa kale.

Mlengi anaumba phewa mosiyana ndi mfundo zina za thupi. Pfupa la nchafu lilowa m'ciuno monga munsi ulowa mu mtondo, mozama ndi molimba. Koma mutu wa pfupa la mkono ungokhala pa kambale kosaya, monga mtsuko ukhala pa nkhata, ndipo mutuwo ndi waukulu koposa kambale kace. Zougwira kuti ungagwe ndi ziwiri: thumba lolimba lokuta mfundo yonse, lokhala ndi makwinya ca kukhwapa kuti litambasuke mkono ukamakwera, ndi minofu inai yokhala ndi mitsempha yace, imene madokotala aicha rotator cuff. Mapangidwe otere ndiwo alola mkono kufika kumwamba, kumbali ndi kumsana, koposa mfundo ina iri yonse. Komatu mfundo yolengedwera kuyenda siikhala bwino ikaleka kuyenda. Cikopa ca ng'ombe cikakhala pa denga osacifufuta ciuma gwa, cingakhale sicinang'ambike pali ponse. Momwemonso mkono womangidwa masabata ambiri: minofu yace iwonda, mfundo iuma, ndipo kukweza cikho ca madzi kusanduka nchito yaikulu.

Asodzi awiri

Wowerenga aganizire asodzi awiri a msinkhu umodzi, amene phewa la kumanja linayamba kuwawa onse awiri m'mwezi wa Juni, pa nyengo ya cisanu, atakoka ukonde masiku ambiri. Dokotala anawapima, napeza nthenda imodzimodzi: mitsempha yatopa niitupa pang'ono, koma palibe cothyoka kapena coguluka. Woyamba anapumula masiku atatu kapena anai, naleka kukoka ukonde waukulu; koma sanaleke kudzisambitsa, kudzibveka malaya, ndi kusoka maukonde ali khale pa gombe. Anati mumtima mwace, Liwawa, koma lidzapola. Waciwiri anamva kanthu kakuti thethe m'phewa pokweza mkono, nakumbukira mbale wace wina amene mkono unamuuma kalekale. Pamenepo anatsimikiza kuti m'katimo muli kanthu kolinkung'ambika, ndi kuti kukweza kuli konse kuonjeza bala. Anamanga mkono pa cifuwa ndi citenje, naleka kufikira ciri conse cokhala pamwamba. Mkazi wace anayamba kumbveka malaya, ndi ana kumpatsira madzi m'manja.

Itapita miyezi itatu, woyamba anabwerera m'bwato, cinkana phewa linali kumkumbutsabe madzulo. Waciwiri anayesa tsiku lina kukweza mkono, napeza kuti ulemera ndi kuwawa koposa poyamba paja. Ndipo anati kwa a m'nyumba mwace, Mwaonatu, ndinanena ine kuti laonongeka. Sanazindikire kuti kuuma kumene anakuona kunali cipatso ca citenje cija. Namanganso mkono kolimba koposa kale.

Unyolo umenewu anayamba kuulongosola akatswiri a ku Liverpool, ku England, m'caka ca 1983, polingalira za odwala msana. Anaona kuti anthu akumana ndi ululu m'njira ziwiri: ena aupenyetsetsa, nabwerera pang'ono pang'ono ku nchito zao, ena authawa, ndipo kuthawako ndiko kuwalemaza. M'caka ca 1990 akatswiri atatu a ku America, Kori, Miller ndi Todd, anacha mantha otere dzina lakuti kinesiophobia, locokera ku Cihelene, ndiko kunena kuopa kuyendetsa ziwalo. Anakonzanso muyeso wace, wochedwa ndi dzina la mzinda wa Tampa. M'menemo muli ziganizo 17, ndipo wodwala anena ngati abvomerezana naco ciri conse kapena iai. Ziwerengero ziyamba pa 17 kulekeza pa 68, ndipo zikakwera mantha akweranso. Pambuyo pace, m'caka ca 2000, Johan Vlaeyen wa ku Maastricht ndi Steven Linton wa ku Sweden anasonkhanitsa zimene zinadziwika kufikira pamenepo, nalongosola mfundo za unyolowo: ululu ubala ganizo lakuti tsoka lalikulu lagwa, ganizolo libala mantha, mantha abala kupewa ndi kumvetsera thupi usana ndi usiku, kupewa kubala kufooka, kusowa nchito ndi cisoni, ndipo thupi lofooka la munthu wacisoni limva ululu msanga koposa. Potero unyolo ubwerera pamene unayambira.

Cimene cipimo ciona ndi cimene munthu amva

Anthu ambiri ayesa kuti kukula kwa ululu ndiko muyeso wa kukula kwa cilonda ca m'kati. Pa phewa siziri comweco nthawi zonse. M'caka ca 2013 madokotala a ku Japan anasindikiza zimene anapeza popima mapewa a anthu 664 a m'mudzi umodzi ndi makina oona m'kati mwa thupi. Anthu 147 anapezeka ndi mtsempha wa phewa wong'ambika ndithu. Koma mwa mapewa atatu ali onse ong'ambikawo, ngati awiri sanali kuwawa konse, ndipo eni ace anali kukhala osadziwa kanthu. Kung'ambikako kunaculuka mwa okalamba, monga imvi ziculuka. Munthu akamva tsono kuti cithunzi ca kucipatala caonetsa kanthu m'phewa mwace, asafulumire kuyesa mkono wace wakufa.

Cina codabwitsa cinalembedwa ku Australia m'caka ca 2018. Odwala asanu a phewa louma, oyembekeza opareshoni, anayesedwa kutalika kwa pamene mkono ukhoza kufika ali maso. Ndipo anayesedwanso atagonekedwa ndi mankhwala a tulo. Mwa onse asanu mkono unakwera kumbali kutali koposa pamene anali maso. Tanthauzo lace ndi lakuti mbali ina ya kuumako sikunali m'thumba la mfundo ai, koma m'minofu yolinkudikira phewa monga alonda, yokana kulilola kuyenda poopa ululu. Odwalawo sanali kunama, kapena kucita dala. Thupi lidzilondera lokha, mwini wace osalilamula. Asanu ndi ocepa, ndipo pa iwo okha sipangamangidwe lamulo. Koma cinthuco ciyenera kusungidwa mumtima.

Ciwerengero cacikulu cinacokera kum'mawa kwa England, kumene Rachel Chester ndi anzace anatsata odwala phewa 1,030 olandira cithandizo ca physiotherapy kufikira miyezi isanu ndi umodzi, nasindikiza zopeza zao m'caka ca 2018. Amene anacira bwino koposa anali aja oyembekeza kucira, ndi aja okhulupira kuti akhoza kucitabe nchito zao cinkana ululu ulipo. Ndipo zizindikiro za popima, zosonyeza mtsempha uwu kapena uwo, sizinaneneretu bwino za mathero. Caka cotsatira akatswiri ena, awiri a iwo a ku Málaga m'dziko la Spain, anasanthula zolembedwa 63 zonena za anthu oposa 10,000 odwala ululu wokhalitsa wa mafupa ndi minofu, napeza kuti pamene kuopa kuyendetsa ziwalo kuli kwakukulu, kulemala pa nchito za tsiku ndi tsiku kulinso kwakukulu.

Pano payenera kucenjera. Zinthu ziwiri zikayenda pamodzi, si kunena kuti cimodzi cokha cibala cinzace. Ululu woopsa ubala mantha, monganso mantha akulitsa ululu. Ndipo pa zofufuza zina za phewa, gawo la mantha linapezeka laling'ono poliyerekeza ndi kukula kwa ululu weniweniwo. Wonena kwa wodwala kuti nthenda yace iri m'mutu cabe alakwa, namcitira nkhanza. Coonadi ndi ici: pa zinthu zolemaza mkono, mantha ndi cimodzi, ndipo ndi cimene wodwala, banja lace ndi mpingo wace akhoza kucigwirapo nchito popanda ndalama.

Kumene manthawo acokera

Manthawo samera okha. Abzalidwa ndi mau. Mnansi adza kudzazonda wodwala, nasimba za wakuti amene anayamba cimodzimodzi namwalira wopuwala. Wina, womva mau a dokotala theka lokha, afika kunyumba nanena kuti mafupa atha, kapena kuti mtsempha watsala pang'ono kuduka. Palinso ena amene, phewa likawawa usiku popanda kugwa kapena kumenyedwa, ayamba kufunsa kuti wacita ici ndani. Napita kukaombeza, nabwerako ndi mphini pa phewa ndi dzina la mnzao wa pa dooko kapena wa pa msika mumtima. Munthu wokhulupira kuti m'phewa mwace mwaponyedwa kanthu sadzayesa kukweza mkono, pakuti ayesa kuti alimbana ndi mphamvu yoposa iye. Kumeneko ndi kutaya kawiri, mkono ndi ubale womwe. Kuwawa usiku ndi khalidwe lodziwika la nthenda za phewa m'maiko onse, ndi kumene komwe anthu sanamve za ufiti.

Palinso mantha a umphawi, ndipo amenewa sayenera kunyozedwa. Munthu wa ganyu adziwa kuti mkono ndiwo munda wace; aopa kuti akauononga, ana adzagona ndi njala, naganiza kuti kuusunga ndiko kuubisa. Ndipo potsiriza pali cifundo ca a m'nyumba, cimene nthawi zina cimanga koposa citenje. Mwana wamkazi wokonda amace awalanda mthiko, tsace ndi cipeso comwe, nati, Khalani pansi, Amai, mungadzipweteke. Mau amenewa ndi acikondi, koma akabwerezedwa tsiku ndi tsiku aphunzitsa wodwala kuti mkono wace ndi mbiya yosweka.

Mantha oyenera

Alipo mantha amene Mulungu anaika m'thupi kuti alisunge, ndipo nkhani ino siitsutsana nao. Munthu akagwa pa njinga kapena m'galimoto, mkono nukana kukwera konse, kapena phewa nilisintha maonekedwe, apite kucipatala tsiku lomwelo, pakuti kapena pfupa lathyoka, kapena mfundo yaguluka, kapena mtsempha waduka. Comweconso phewa likatupa ndi kutentha, thupi lonse nilitentha. Kapena ululu wa phewa ndi mkono ukadza pamodzi ndi kuthina pa cifuwa, thukuta ndi befu, pakuti umenewo ukhoza kukhala mtima. Kapena mkono ukafooka dzidzidzi, pakamwa nipapotoka ndi mau kubvuta. Wokhala ndi cifuwa cosatha, woonda ndi wotuluka thukuta usiku apimitse cifuwa cacikulu ca TB. Cifukwa cace ciyambi ca kulimbika mtima ndi kupimidwa, pa kiliniki ya pafupi kapena pa cipatala ca Kafue General. Wodwala afunse dokotala momveka, Kodi kuyendetsa mkono kudzaononga kanthu? Ndipo akayankhidwa kuti iai, agwire yankholo, asalitaye pa cipata.

Iriponso nthenda yochedwa frozen shoulder, phewa louma, imene Duplay wa ku Paris anailongosola m'caka ca 1872, ndi Ernest Codman wa ku Boston anaicha dzinalo m'caka ca 1934. Igwira anthu awiri kufikira asanu mwa 100, makamaka a zaka 40 mpaka 60, akazi koposa amuna, ndi odwala shuga koposa ena. Cifukwa cace woipeza acita bwino kupimitsanso shuga. M'nthenda imeneyi thumba lija la mfundo litupa, likhuthala, nilifinyika. Siibadwa ndi mantha, ndipo siicoka msanga: itenga caka cimodzi, ziwiri, kapena zitatu. Pa miyezi yace yoyamba, ya ululu waukulu, kukakamiza mkono kungoonjeza kuwawa, ndipo mankhwala oletsa ululu kapena jekeseni ya m'mfundo zithandiza. Koma ngakhale pamenepo, mkono woyendetsedwa mofatsa kufikira pamene ulola usunga mphamvu zimene mkono womangidwa uzitaya.

Dzanja la m'sunagoge

Alaliki atatu, Mateyu pa mutu 12, Marko pa mutu 3 ndi Luka pa mutu 6, asimba za munthu wa dzanja lopuwala amene Ambuye Yesu anampeza m'sunagoge tsiku la Sabata. Luka, amene anali sing'anga, ndiye yekha anena kuti linali dzanja lamanja, ndilo la nchito. Kucira kwa munthuyo kunali cozizwa, ndipo palibe ayenera kukusandutsa phunziro la masewera olimbitsa thupi. Koma cimene Ambuye anamfunsa ciyenera kulingaliridwa. Anamuimika pakati pa anthu, ena a iwo adani, namlamulira kutambasula ciwalo cimene iye anazolowera kucibisa. Cisomo cinacokera kwa Ambuye, koma cinakomana ndi munthuyo m'kutambasulako.

Fanizo la matalente, pa Mateyu 25, linena za kapolo amene anakwirira cuma ca mbuye wace pansi. Ndipo cifukwa cimene anapereka cinali mantha. Anayesa kuti cobisika cikhala monga ciri, koma potsiriza cinamcokera. Mkono ndiwo talente yopatsidwa kwa wosauka ndi wolemera yemwe, ndipo lamulo lace ndi lomwelo. Komatu mkulu wa mpingo kapena mai wa cigwirizano wokaceza kwa wodwala asatenge mau awa ngati cikoti. Abwenzi a Yobu anacita bwino masiku amene anakhala naye cete, nalakwa pamene anayamba kumfunira cifukwa. Mkristu wa phewa louma sali wocepa cikhulupiriro. Ali wotopa, wosagona tulo, ndi wodera nkhawa ana ace.

Kumasula mkono

Anthu ophunzira nchito ya physiotherapy, amene m'Zambia aphunzitsidwa ku Evelyn Hone College ndi ku University of Zambia mu Lusaka, ndiwo adziwa kusankhira munthu ali yense mayendedwe omuyenera, ndipo wodwala apemphe kuonana nao. Koma ziyambi zace zicitika m'nyumba iri yonse. Coyamba anaciphunzitsa Codman yemwe uja: wodwala awerame, atsamire dzanja labwino pa tebulo kapena pa mtondo, naleke mkono wodwala ulende, pamenepo augwedeze pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, kumbali, ndi mozunguliza, monga dzungu lolendewera pa mpanda ligwedezeka ndi mphepo. Atazolowera ici, agone cagada pa mphasa, agwire mpini wa khasu kapena nkhafi ndi manja onse awiri, ndipo dzanja labwino likweze linzace kunka kumutu. Pambuyo pace aime moyang'ana khoma, nayendetse zala kukwera nalo, ndi kulemba ndi khala pamene zalekeza. Mzere wa khalawo uli ndi nchito yaikulu, pakuti munthu wamantha sakhulupira mau, koma akhulupira maso ace. Sabata ndi Sabata aona mzere watsopano pamwamba pa wakale. Akulu anati, pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Funso lobvuta onse ndi la ululu wa pocita izi. Muyeso umene ambiri a physiotherapy aphunzitsa ndi wotere: kuwawa kopiririka, kumene kucepa munthu atapumula, ndi kubwerera pa muyeso wace wakale pofika m'mawa mwace, sikuononga kanthu. Koma ululu ukakula nukhala wokula tsiku lotsatira, kapena ukalanda tulo koposa masiku onse, wodwala wapitirira. Acepetse mlingo, koma asaleke. Kanthawi kocepa kawiri kapena katatu pa tsiku kapambana kulimbana kwakukulu kamodzi pa mlungu.

Masewerawo okha sakwanira, pakuti cimene munthu aopa si khoma ai, koma nchito yace. Cifukwa cace achule nchito zimene waleka, kuyambira yosaopsa kufikira yoopsa koposa, nayambe ndi ya pansi. Mai woopa kudzitwika ayambe ndi ndowa yopanda madzi, kuikweza kufikira pa cifuwa. Mlungu wina pamutu. Pambuyo pace ndi madzi a m'cikho cimodzi, kenaka theka. Asanakweze anene cimene ayesa kuti cidzacitika, ndipo atatsitsa aone ngati cacitikadi. Pakuti mantha acepa pamene ulosi wao upezeka wonama kawiri ndi katatu. Msodzi ali ndi mwai wace wace: kuyambira pa 1 Disembala kufikira kutha kwa Febuluwale boma liletsa kusodza kuti nsomba ziswane, ndipo miyezi itatu imeneyo ikhoza kuumitsa phewa la wokhala cabe, kapena kulimbitsa la wopalasa nkhafi m'madzi osaya a pa gombe, bwato liri lopanda katundu, kuonjeza mtunda pang'ono mlungu ndi mlungu.

A m'nyumba ndi a mumpingo agawane nchito mwanzeru. Thumba la cimanga, mtolo wa nkhuni ndi cigubu codzala asenze ndi anyamata, kufikira mkono utalimba. Ndipo banja la waganyu likasowa ufa pa miyezi imeneyo, akulu a mpingo adziwitsidwe, pakuti munthu wodziwa kuti ana adya sacita liwiro lobwerera ku matumba phewa lisanakonzeke. Koma cipeso, sopo, mabatani a malaya ndi mthiko wa kamphika kakang'ono zibwezedwe kwa mwini wace kuyambira mlungu woyamba. Ndipo mwana woona amace alinkulimbana ndi duku kumbuyo kwa mutu aime pafupi, manja ace ali pansi, kufikira atamanga okha.